Mapewa a pa Chithunzi

Atelala ndi ine timagwira ntchito m'chipinda chimodzi. Iwo ali ndi makina awo osokera chakukhomo, kumene kumawala bwino. Ine ndili ndi tebulo langa la mawotchi pazenera. Pakati pathu pali benchi ya makasitomala, simbi, ndi galasi lalitali long'aluka pakona. Iwo amalankhula, ine ndimamva. Takhala choncho kuyambira tsitsi lathu lili lakuda. Amanditchula a Duu, ndipo sindinakanepo.

M'mawa wina analowa osapereka moni, chipewa chili m'manja, akupuma ngati awathamangitsa agalu.

"A Duu, siyani zimenezo. Akubwera."

Ndinachotsa pa diso kagalasi kanga koonera mawotchi.

"Simufunsa kuti ndani?"

"Ndani?"

"Alembi! Eni ake buku! Amata chipepala pachitseko cha laibulale. Loweruka la sabata yamawa adzawerenga, kenako adzasaina mabuku. Ndawerenga ndekha, ndiye ndinaimitsa mayi wina wodutsa kuti andiwerengerenso, kuopa kuti maso angandinamize."

Kwa Atelala buku ndi limodzi, ena onse ndi mapepala chabe. Limakhala m'dilowa ya makina pamodzi ndi mabobini a ulusi. Chikuto chake chinathothoka kalekale, iwo n'kulisokera china cha nsalu yolimba, koma kumbuyo anasiya kazenera kuti chithunzi cha mlembi chizioneka. Nkhani yake ndi ya mlonda wa pasukulu amene anasoketsa jekete kuti adzavale tsiku limene mwana wake adzamalize maphunziro. Tsikulo litafika, mwanayo anachita naye manyazi, sanamuitane. Ine bukulo sindinaliwerengepo. Palibe chifukwa. Ndalimva lonse, mobwerezabwereza, mkati mwa phokoso la makina. Munthu amabwera kudzafupikitsa buluku, pochoka amakhala akumudziwa mlondayo ngati malume ake.

Tsiku limenelo sanasoke kanthu. Ankakhala pansi, kuimirira, kupita pakhomo, kubwerera. Anayatsa simbi n'kuiiwala, ndinazimitsa ndine.

"Ndikawauza chiyani? Anthu adzadzaza, aliyense ndi mawu ake okonzeratu. Ine ndidzati chiyani? Buku lanu ndi labwino? Zimenezo azimva mpaka makutu kuwawa."

"Mukangowapatsa moni."

"Moni! Ndalakwa ndine. Nzeru za kalankhulidwe n'kumafunsa kwa inu?"

Chakumasana anaima pakati pa chipinda n'kuomba m'manja kamodzi. Anakwera pampando, n'kutsitsa mpukutu umene unali pamwamba pa kabati. Nsalu imeneyo ndinkaidziwa. Inali yaubweya, yofiirira ngati tiyi wopanda mkaka, ndipo anaisunga zaka zambiri ili yokuta m'pepala. Anthu anaipempha, mpaka mwana wawo woyamba, iwo n'kukana. Ankati sinapeze mwini wake.

"Jekete ya mlonda," anatero. "Ndiwasokera. Pakamwa panga padzakanika, koma manja awa sadzakanika. Ndisoka monga momwe analembera: mabatani atatu, kolala yopapatiza, thumba lam'kati kudzanja lamanja. Akangoivala, basi, ine ndalankhula."

Za thumba limeneli tinamva zambiri. Thumba lam'kati la jekete limakhala kumanzere, kuti dzanja lamanja lipise mosavuta. M'bukumo lili kumanja. Atelala amati mlondayo anali wamanzere, ngakhale bukulo silinena paliponse. Akazi awo amati mlembi anangosokoneza, amuna adziwa chiyani za matumba kupatula kubisamo zinthu. Mkangano umenewu ndi wamkulu kuposa ana awo ena.

"Miyeso?" ndinafunsa.

"Miyeso ili apa." Analoza diso lawo, kenako analoza chithunzi.

N'zoona, Atelala amayeza ndi maso. Munthu akamalowa pakhomo iwo amakhala atadziwa kale chiuno chake. Tepi amangoikoleka m'khosi kuti kasitomala akhazikike mtima. Anasokerapo munthu suti atangomuona akudutsa pa njinga, ndipo inamukwana.

Pachithunzipo mlembi wakhala kuseri kwa tebulo, manja atawasanjika, cholembera chili pambali. Mapewa otambalala ngati chitseko. Atelala anayeza cholembera cha pachithunzi, anachiyerekeza ndi chenicheni, n'kuyamba kuwerengera mapewa, chifuwa ndi mikono, uku akulankhula okha.

"Munthu uyu ndi thupi lanu lenileni, a Duu. Taimirirani. Tembenukani. Ndithu! Mulungu anakupatsani mapewa a mlembi n'kukumanani mawu."

Ndinapempha bukulo. Ndinaika kagalasi pa diso n'kuyang'ana nthawi yaitali. Ntchito yanga ndi yoona tinthu ting'onoting'ono. Khosi la munthuyo linali lowonda, kolala itatalikira kumbuyo. Mkono wa jekete unali utakwinyika pa tebulo ngati wachita kukankhidwira m'mwamba. Phewa limodzi linali litagwa pang'ono, pamene munthu wathera koma nsalu n'kupitirira yokha.

"Jekete iyi si yake," ndinatero.

"Mukuti chiyani?"

"Si yake."

"Nanga ndi ya ndani, yanu? Munthu wolemba buku lotere n'kujambulitsa ndi chovala cha eni? Chithunzi ndi chakale ichi, chafufuma ndi thukuta la m'manja mwanga. Inu dziwani za mawotchi."

"Si yake."

"Kachitatu tsopano. Mawu a mwezi wonse mwamaliza lero."

Anayala nsalu patebulo n'kuijambula ndi choko. Sizasi anaigwira nthawi yaitali osadula. Kenako inalira. Nsalu ikadulidwa yadulidwa, choncho sindinanenenso kanthu.

Masiku otsatirawo ndinasanduka chidole choyezerapo zovala. Ndikangoti ndigwire wotchi, iwo afika kale kumbuyo kwanga ndi zidutswa. Kwezani mkono. Tsitsani. Musapume kwambiri. Wotchi ya anamwino ena inakhala patebulo langa matumbo ali panja. Makasitomala a Atelala ankabwezedwa pakhomo ndi mawu amodzimodzi, akuti mawa. Mayi wina wa diresi anawapeza ataimirira, buku m'manja, akuwerenga mokweza ndime ya mabatani.

"Kodi abambo, utelala munasiya? Mwayamba ubusa?"

"Mayi, diresi lanu silithawa."

"Diresi silithawa, koma ine ndikunenepa."

Alamu anga, akazi a Atelala, amabweretsa chakudya masana. Mbale imodzi ya amuna awo, ina yanga. Anayamba kutero mayi a kunyumba kwanga atamwalira, ndipo sanasiye.

"Alamu, munthu wanuyu mumutenge azikagona kwanu," anandiuza akutula dengu. "Kunyumba sitikupuma. Akumaima pagalasi kuyeserera zolankhula. Dzulo ndawapeza akupatsa moni kabati. Akuti alembi, ndine wokondwa kwabasi. Ine zaka zonsezi sanandiuzepo kuti ndi okondwa."

"Iwe sunalembe buku," anatero Atelala, ulusi uli kukamwa.

"Ndikanalemba, bwenzi anthu akukulozani zala mumsewu."

Nanenso chinandilowa. Ndinapukuta nsapato zimene zinakhala kunsi kwa bedi nthawi yaitali. Poweruka ndinadzera ku laibulale kukaona chipepala chija, chonsecho si njira yakwathu. Zala zanga, zimene sizinjenjemera, zinagwetsa kasikuluu ka wotchi, ndinakasaka pansi mpaka mawondo kuwawa. Koma akandiveka jekete ija, n'kundikhala bwinobwino m'mapewa, mtima unkagunda ngati wotchi yolowa madzi. Ikamandikwana ine, ndiye kuti ikukwana jekete ya pachithunzi. Za munthu wa m'katimo sindinkadziwa.

Jekete inatha Lachisanu. Ndaona zovala zambiri zikutuluka m'chipinda chathu, koma ngati imeneyo ayi. Zibowo za mabatani anasoka pamanja. Kolala anaisita ndi kansalu konyowa mpaka inagona yokha. Anaikoleka pakhomo, n'kubwerera chambuyo mpaka kugunda tebulo langa.

"Nenani kanthu, a Duu."

"Ndi yabwino."

"Mwamva, makina? A Duu akuti ndi yabwino."

Loweruka tinafika ku laibulale chitseko asanatsekule. Atelala anavala jekete yawo yakuda. Kuseri kwa kolala yake kumakhala mapini, amayenda nawo kulikonse ngakhale kumaliro. Phukusi analinyamula ndi manja awiri, buku lili m'thumba.

Chipindacho chinali ndi mipando ya pulasitiki, fani imodzi yozungulira mwaulesi, ndi tebulo lokhala ndi botolo la madzi. Mayi woyang'anira laibulale ankangolowa ndi kutuluka, foni ili kukhutu. Anthu anadzaza. Alembi anachedwa.

"Nthawi ili bwanji?"

Ndinawauza.

"Wotchi yanuyo ikuyenda bwino?"

Ndinawaonetsa wotchiyo.

"Mwina galimoto yawonongeka. Mwina adwala. Anthu okalamba sachedwa kudwala. Nthawi ili bwanji?"

Bondo lawo linkagwedeza mpando wanga. Munthu wamkulu thupi akalowa, ankanyamuka theka n'kukhalanso. Kenako panalowa chimunthu chachitali chitanyamula chikwama. Atelala anaimirira ndithu, phukusi lili pachifuwa. Chimunthucho chinaika chikwama patebulo n'kukaima pakhoma, makiyi akulira m'manja. Anali dalaivala. Kumbuyo kwake kunalowa bambo wochepa thupi, wowonda, tsitsi loyera, atavala juzi yotuwa. Mayi wa laibulale anawagwira mkono, anthu n'kuomba m'manja.

Atelala sanaombe. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Anandiyandikira kukhutu.

"A Duu," ananong'ona. "Munthu akakalamba amafota. Koma mafupa safota chonchi. Mapewa awo ndi a mwana wasukulu."

Ndinangoyang'ana kutsogolo.

"Nenani. Nenani kuti munanena."

"Mverani, akuwerenga."

Mawu a alembi anali aakulu kuposa thupi lawo. Anawerenga pamene mlonda uja waima kunja kwa mpanda wa sukulu, jekete yatsopano ili m'thupi, akumva mayina akuitanidwa mkati. Milomo ya Atelala inkayenda nawo limodzi, nthawi zina n'kuwatsogolera. Koma phukusi linali litatsika pamiyendo, ndipo ndinaona chidendene chawo chikulikankhira kunsi kwa mpando.

Atamaliza, mayi wa laibulale anati ofuna kusainitsa aime pamzere, koma achite changu chifukwa alendo ali ndi ulendo wautali ndipo akufuna akafike kusanade.

"Tiyeni tizipita," anatero Atelala.

"Phukusi?"

"Lisiyeni. Kapena tengani, imakukwanani inuyo. Ndikadziyalutse pamaso pa anthu onsewa? Telala wa imvi kusokera munthu tenti?"

Ndinawerama, ndinatola phukusi, ndinakaima pamzere.

"Mukuchita chiyani?" Anandikoka malaya. "A Duu! Achimwene! Mukandichititsa manyazi, chibale chathera pano. Tebulo lanu mukalipeza panja."

Mzere ukasuntha, nanenso ndinkasuntha. Iwo anapita pakhomo, anabwerera, anapitanso, anabwereranso. Ine ndinawaona akudula nsalu ija. Ndinadziwa kuti akachoka chonchi, buku lija silidzatulukanso m'dilowa, ndipo chipinda chathu chidzati zii. Nyumba yachete ndili nayo kale imodzi.

Nditafika patebulo, alembi anatambasula dzanja kuti alandire buku. Ndinaika phukusi.

"Ichi n'chiyani, bambo?"

"Jekete. Ya mlonda. Asoka ndi awa."

Ndinatembenuka. Atelala anali kumbuyo kwanga kwenikweni, atabisala ngati thupi langa ndi chipupa.

"Mphatso tikulandira ndife, abambo, ikani apo," anatero mayi wa laibulale. Koma alembi anali atamasula kale chingwe. Anaitambasula jeketeyo, anasisita kolala, anagwira mabatani limodzilimodzi. Anapisa dzanja mkati chakumanzere, sanapeze kanthu. Anapisa chakumanja. Dzanja linalowa m'thumba. Kenako anaimirira n'kuyamba kuvula juzi.

"Musavale!" Mawuwo anachokera kumbuyo kwanga. "Chonde akuluakulu, musavale pano."

Anavala. Mapewa anagwera uku ndi uku, mikono inameza zala, m'munsi munatsala pang'ono kufika m'mawondo. Mtsikana wina pamzere anaphulika kuseka, ena n'kutsatira. Alembi nawonso anaseka, akukupiza mikono ngati mbalame yonyowa.

"Munandiyezera kuti, atelala?"

Atelala anatuluka kumbuyo kwanga. Anasolola buku m'thumba n'kuloza chithunzi cha pakazenera kaja. Alembi anachiyandikitsa kumaso.

"Aa! Jekete iyi! Inali ya wojambula. Ine ndinapita ndi malaya okha, iye n'kunena kuti mlembi sajambulidwa ngati wogulitsa matimati. Anavula yake n'kundiveka. Chinali chimunthu chotere." Anatambasula manja. "Anandiuza ndisanjike manja patebulo kuti mikono isaoneke kutalika. Ndiye mwasokera wojambula, bambo. Koma mwachedwa, anatisiya kale."

Anthu anasekanso kwambiri. Atelala sanaseke. Thukuta linali litatsikira m'kolala. Ndinaganiza kuti athawa. Koma ndinaona maso awo asintha. Sankayang'ananso nkhope ya alembi, ankayang'ana phewa. Munthu ameneyu sangaone chovala chikulendewera pathupi la munthu iye n'kukhala manja lende. Dzanja lawo linapita lokha kuseri kwa kolala, linabwerako ndi mapini, mapiniwo n'kupita kukamwa.

"Mmm," anatero, n'kuwawongola alembi msana ndi chikhatho, monga amachitira ndi kasitomala aliyense. Alembi anawongoka ngati mwana. Atelala anatsina nsalu paphewa, anapinda, anabaya pini. Anazungulira kumbuyo, anatsina pamsana, anabaya. Anagwada n'kupinda m'munsi.

"Abambo, mzere!" anatero mayi wa laibulale. "Nthawi, abambo!"

"Asiyeni, mayi," anatero alembi. "Mabuku abwere, ndisaina choimirira, mkono uwu sanaugwire. Ine chibadwire palibe amene anandiyezapo chovala. Ndimagula zosokasoka, ndipo zonse zimandikulira. Lero lokha ndimveko mmene anzathu amamvera."

Mzere unayambanso kuyenda. Atelala ali chigwadire anandiyang'ana, maso ali tong'o, akuloza thumba lam'kati ndi chibwano.

"Mmm! Mmm!"

Zonse zimene anayeserera pagalasi zinali zitatsekeka kuseri kwa mapini. Ndinamva chimene ankafuna.

"Akufunsa za thumba," ndinatero. "Bwanji lili kumanja."

Alembi anasiya kulemba.

"Thumba? Limenelo palibe anandifunsapo. Jekete ya m'bukumu ndi ya bambo anga. Polemba, inali pamsomali patsogolo panga. Ndinkangolemba zimene ndikuona."

"Anali amanzere?" ndinafunsa.

"Bambo?" Anaganiza kaye. "Eya. Anali amanzere ndithu. Ngakhale potimenya, khofi lawo linkachokera mbali imeneyo. Taonani, zaka zonsezi sindinaganizepo kuti thumbalo n'chifukwa chake."

Atelala analavulira mapini m'dzanja n'kudzuka ngati mnyamata.

"Ndinanena! A Duu, mboni ndinu! Mukawauze alamu anu ndi pakamwa panu, ine sandikhulupirira!" Kenako anakumbukira pamene ali, mawu n'kutsika. "Akuluakulu, mapewa sakonzeka ndi mapini. Pafunika kumasula mikono yonse, kudula, n'kubwezeretsa. Makina ali pafupi, kungokhota kuseri kwa msewu uwu."

Dalaivala anachoka pakhoma. "Bwana, msewu ndi wautali, ndipo magetsi a galimoto ija mukuwadziwa."

"Zitenga nthawi yaitali bwanji, atelala?"

"Pompano."

"Pompano wa telala ndimamudziwa," anatero alembi.

"Ndiwayang'anira ndine," ndinatero. "Ndimakonza mawotchi."

Alembi anandiyang'ana, anayang'ana dalaivala, kenako anayang'ana mikono yawo yodzaza mapini.

"Tiyeni. Chonchi sindingakhale n'komwe m'galimoto."

Mzere utatha tinakwera nawo. Atelala anakhala kumbuyo, jekete ili pamiyendo, akumasula kale msoko ndi lezala galimoto ikuyenda. Titafika, alembi anakhala pabenchi ya makasitomala atavala malaya okha. Dalaivala anakana kulowa, anatsamira galimoto panja, maso ali kudzuwa.

Ine ndinayatsa simbi. Ndinalowetsa ulusi m'singano, ndinagwira nsalu pamene andiuza kugwira. Atelala anadula mapewa, anachepetsa msana, anagwiriza mikono ndi ulusi woyera kuti isasunthe, n'kukhala pamakina. Chiyambireni kugwira nawo ntchito, aka kanali koyamba kuwaona akusoka osalankhula. Wolankhula anali mlendo. Ankandiuza ine za bambo awo, kuti analidi mlonda, kuti jekete ija inadyedwa ndi njenjete, kuti masiku ano maso akuwavuta ndipo kulemba kukuchedwa. Ine ndinkangogwedeza mutu.

"Bambo awa amamvetsera bwino," anatero alembi.

"Ndi ntchito yawo yeniyeni," anayankha Atelala osatembenuka. "Mawotchi ndi ganyu chabe."

Alamu anamva mbiri, anafika ndi tiyi, mpango uli pambali. Anaima pakhomo n'kumuyang'ana mlendoyo kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Ndiye ndinu amene munandilanda mwamuna?"

"Pepani, mayi."

"Musapepese, mutengeni. Galimoto ili ndi malo."

"Anali wamanzere," ndinawauza alamu.

"Ndani?"

"Mlonda."

"Kalanga ine. Ndiye kunyumba kuja ndisamuke."

Hutala ya galimoto inalira panja. Dzuwa linali litachoka patebulo langa, likukwera khoma. Mkono woyamba unalowa bwino. Wachiwiri uli pakati, makina anayamba kuyenda opanda ulusi wapansi. Atelala anatukwana bobini ndi mawu amene sindinawamvepo pakamwa pawo, kenako anapepesa kwa alembi.

"Musapepese, ndilemba amenewo," anatero alembi.

Ndinakulunga bobini ina. Zala zanga zinkaterera. Hutala inaliranso, motalika. Dalaivala analowetsa mutu pakhomo.

"Bwana, tikapanda kunyamuka tsopano, tigona panjira."

"Nthawi, a Duu?"

"Sokani."

Anasoka. Anadula ulusi ndi mano, anaponya jekete patebulo, simbi inalira pakansalu konyowa, nthunzi n'kudzaza chipinda. Ulusi woyera uja unali ukadali paphewa lakumanzere, panalibe nthawi youchotsa. Anaigwira jekete kumbuyo kwa alembi, iwo n'kulowetsa mikono.

Inawakhala. Phewa linathera pamene munthu wathera. Zala zinaoneka. Alembi anamanga batani lapakati n'kuima pagalasi lathu long'aluka. Anatembenukira uku, anatembenukira uko. Kenako anakweza dzanja lamanzere, mosazolowera, n'kulipisa m'thumba lam'kati. Anakhala choncho nthawi yaitali kuposa mmene kasitomala amakhalira pagalasi.

Hutala inalira.

Zotsatira zinachitika mothamanga. Alembi anagwira Atelala chanza ndi manja awiri, anagwira ine, anawerama kwa alamu. Juzi anainyamula m'manja. Dalaivala anali ataliza kale injini. Chitseko cha galimoto chitatsekeka, Atelala anaona ulusi woyera uja.

"Dikirani! Ulusi!"

Anapisa dzanja pazenera n'kugwira nsonga yake. Galimoto inayamba kuyenda, iwo akuyenda nayo m'mbali, kenako akuthamanga pang'ono, ulusi ukusololoka paphewa mpaka wonse unatsala m'manja mwawo. Mkono wofiirira unatuluka pazenera n'kubayibitsa. Galimoto inakhota.

Anabwerera akupuma movutikira, ulusi ukulendewera ku zala. Anakhala pampando wa makina. Mwadzidzidzi anadzigwira thumba.

"Buku! Sanasaine! A Duu, aliyense wasainitsa, mpaka kamtsikana koseka kaja, ine ayi! Ndipo mawu anga onse aja, sindinanene ngakhale limodzi."

"Avala," ndinatero.

"Avala," anatero alamu akusonkhanitsa makapu. "Ine ndatsogola. Mukabwere ndi nkhani ina, ya thumba ndaimva."

Atelala anatsegula buku pa ndime ya thumba, anakulunga ulusi uja kuchala, anauvula n'kuugoneka pakati pa masamba. Anatseka. Anatsegulanso kuti aone ngati ulipo. Zidutswa za nsalu yofiirira zinali mbwee pansi, ine ndinayamba kuzitola.

"Koma phewa lakumanzere lija," anatero. "Silinakwere pang'ono? Ndinasoka mothamanga. Munaona?"

"Lili bwino."

"Munayang'anitsitsa? Chifukwa inu maso anu aja..."

"Lili bwino."

Anandiyang'ana, bondo likugwedezekabe.

"Nenani kachitatu."

"Lili bwino."

Anapuma mpweya wautali n'kutsamira makina. Sipanapite nthawi, anadzukanso n'kukaima pakhomo, akuyang'ana kumene galimoto inakhotera. Ine ndinazimitsa simbi, ndinaika kagalasi pa diso, n'kuyamba kubwezera matumbo m'wotchi ya anamwino kuwala kusanathe.